Mabawuti a Bambo Sipanala

Boti la a Fulumira linafika padoko likukokedwa ndi chingwe ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Kutsogolo kwake kunali kaboti ka asodzi, kakulira movutikira. A Fulumira anali ataimirira pamwamba pa matumba a simenti amene anayenera kuwawolotsa m'mawa womwewo, akukupiza manja.

Chitsiriza anawaona ali pakhomo pa shedi, akutsuka kabuleta ya injini m'beseni. Anapukuta manja pa ovolosi n'kuitana bambo ake.

"Bambo, tatulukani. Kasitomala wanu uja akubwera mochita kukokedwa."

Bambo ake anatuluka akutafuna kamtengo ka machesi. Padoko ponse ankangowatchula kuti a Sipanala, moti ena ankaganiza kuti ndi dzina lobadwa nalo. Anayamba kukonza mainjini a maboti asanakwatire n'komwe. Ana awo ena onse anathawa fungo la oyilo, koma wotsiriza, mtsikana, anakakamira mushedi mpaka anakaphunzira ntchitoyo kusukulu ya zaumisiri n'kubwerera kudzagwira ndi bambo ake.

"Wathedwa petulo ameneyo," anatero a Sipanala. "Munthu wongokhalira kuthamanga ngati wasiya mkaka pamoto."

Koma a Fulumira atalumphira padoko, nkhope yawo sinali ya munthu wothedwa petulo.

"Madala, injini yauma gwa," anatero asanapereke n'komwe moni. "Ndinazimitsa pakati pa madzi kuti ndichotse ukonde umene unakulunga pulopela. Zinanditengera nthawi. Nditamaliza, ndikuti ndilize, yangoti gu, basi. Ndayesanso, gu. Mphepo ikundikankhira kumiyala kuja, boti lodzaza simenti. Pakanapanda asodziwa, bwenzi pano mukumva zina."

"Batire," anatero a Sipanala.

"Batire ndi yatsopano."

"Ndiye sitata."

Chitsiriza ananyamula bokosi la zitsulo n'kutsikira m'boti. Mawu akuti gu aja sanamusangalatse. Sitata yakufa imangoti kete kete, kapena kukhala chete. Ikati gu ndiye kuti mphamvu ili nazo, koma chimene ikukankhacho chakana kusuntha.

Sabata yapitayo iye ndi bambo ake anagwira ntchito pa injini yomweyi. Inali ya mizere iwiri ya masilinda, wina kumanzere, wina kumanja. Mzere uliwonse unali ndi chitsulo chake chotulutsira utsi, cha ekizosi, chokwera m'mwamba ngati khosi kenako n'kupindika ngati chigongono. Pakati pa khosilo pamadutsa utsi wotentha, ndipo m'makoma mwake mumayenda madzi oziziritsa. Pamene khosi limakhala pa injini, cholekanitsa utsi ndi madzi ndi gasiketi yopyapyala ngati katoni, yopanidwa ndi mabawuti anayi. Makosi akale anali atadyeka ndi dzimbiri, choncho anaika atsopano.

Chitsiriza anamasula mapulagi a kumanzere. Anali owuma bwinobwino. Anatembenukira kumanja. Pulagi yoyamba inatuluka ikudontha. Anaiyandikiza kumphuno. Sanali petulo.

Atachotsa onse anaitana a Fulumira. "Achimwene, tapotokolani kiyi pang'ono. Bambo, sunthani pamenepo."

A Sipanala sanasunthe. Anali atawerama, manja ali m'mawondo, akudikira kuti aone sitata ikuwavomereza. Injini inazungulira, ndipo m'mabowo a mapulagi a kumanja munatumphuka madzi ngati a payipi yophulika, n'kuwamenya pachifuwa.

Madzi ankayenderera pa malaya a a Sipanala, kamtengo ka machesi kaja katagwera pansi. Chitsiriza anasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali atayera ngati tiyi wochuluka mkaka.

A Fulumira anakhala pa thumba la simenti. "Injini yanga yamwa madzi? Injini yoti mwakonza inu?"

"Ndinanena," anatero a Sipanala motsitsa mawu, osayang'ana mwana wawo. "Ndinanena kuti tipake silikoni womatira. Iwe unati gasiketi za masiku ano zimaikidwa zowuma. Si izi?"

"Gasiketi imeneyi ili ndi chitsulo m'kati, ndipo inakutidwa kale, Bambo. Ukaipaka silikoni imaterereka pomanga, wotsalayo n'kufinyikira m'njira za madzi. Amatero ndi opanga ake, si ine."

"Opanga akewo anayamba akwerapo boti?"

"Kumanzere nakonso tinaika yowuma, koma sikunadonthe."

"Chifukwa kumanzere ndinamanga ndine."

Chitsiriza anayang'ana pansi. Amene anayankha anali a Fulumira, mopanda kuganiza kuti akuponda pati.

"Ayi madala, inu munali kumanja kuno. Ndinakugwirirani tochi ndine, ndikukuuzani kuti muchite changu. Achemwaliwa anali uko ndi chisipanala chawo cholira chija."

Chisipanala cholira chinali chachitali, chokhala ndi manambala pachogwirira. Ukachitchera pa mlingo umene opanga injini amafuna, chimati ta bawuti likangofika pamenepo. A Sipanala ankachitcha ndodo ya alesi. Iwo ankati mkono wawo umadziwa wokha poimira, ndipo sankanama. Chitsiriza atangobwera kumene kusukulu ankayeza mobisa mabawuti amene bambo ake amanga, akufuna kuwapeza ndi cholakwa, koma nthawi zonse ankapeza ali pamlingo ndendende. Kenako anasiya, atachita manyazi.

"Komanso achimwene," anatero Chitsiriza, pofuna kuchotsa maso a anthu pa bambo ake, "ndinakuuzani kuti mubwere injini ikatentha n'kuzizira koyamba, tidzakungenso mabawuti. Gasiketi imaphwa ikamva moto."

"Madala anati zawo sizifuna kubwereza."

Chitsiriza anatulutsa chisipanala chija, anachitchera, n'kuyamba ndi kumanzere. Bawuti lililonse linasuntha pang'ono chabe, n'kuti ta. Anapita kumanja. Anakoka, bawuti linazungulira. Anakokanso, linazunguliranso, osalira. Lachiwiri chimodzimodzi. Lakumbuyo kwenikweni sanavutike n'kuikapo chitsulo. Analigwira ndi zala ziwiri n'kulipotokola ngati chitsekero cha botolo.

"Wina wagwira injini imeneyi," anatero a Sipanala, akuyang'ana a Fulumira ndi diso lofiira.

"Ine? Ine ndi sipanala tinadana kalekale. Kunyumba babu akapsa amasintha ndi akazi anga."

"Ndiye anyamata ako."

"Chitseko cha injini ndimakhoma, kiyi amagona m'thumba mwanga."

A Sipanala anatuluka m'boti. Atafika padoko anatembenuka. "Bwera nayo ndodo yakoyo."

Mushedi anasankha bawuti lofanana ndi aja, anapana nati pa vayisi, n'kutenga sipanala yawo yakale, yosalala chifukwa chogwiridwa. Anayamba kumanga. Mitsempha ya m'khosi inatuluka, mano atalumana, mpaka anafika pamene mkono wawo unawauza kuti basi.

"Apo. Yeza."

Chitsiriza anaikapo chisipanala. Bawuti linazungulira mosavuta ngati palibe amene waligwira.

"Chinthu chakocho chafa."

"Chalira bwinobwino kumanzere, Bambo."

"Masula. Ndibwereze."

Anabwereza. Ulendo uno anaponda phazi pa mwendo wa tebulo, thukuta likutsikira m'maso. Chitsiriza anayeza, ndipo bawuti linazunguliranso. A Sipanala anatenganso sipanala yawo ija mwaukali, ndipo poti dzanja lamanja linali likunjenjemera, anaigwira ndi lamanzere, dzanja limene moyo wawo wonse linkangogwira ntchito yogwirizira zinthu. Anakoka kamodzi kokha, mokwiya.

Chitsiriza anaikapo chisipanala mwamantha. Chinati ta nthawi yomweyo. Bawuti silinasunthe.

A Sipanala anatukula dzanja lamanja n'kuliyang'ana ngati kachitsulo kamene wina wabwera nako kuti akaone ngati kangakonzeke. Analifumbata, analitambasula, analifumbatanso. Chala chaching'ono ndi chinzake zinkafika mochedwa.

A Fulumira, amene anali atawatsatira ndi mawu ambiri m'kamwa, anavula chipewa n'kubwerera chambuyo mpaka panja.

A Sipanala anaika sipanala patebulo pang'onopang'ono. Anatuluka n'kulowera njira ya kunyumba, malaya ali chinyowere, shedi ili chitsegulire.

Chitsiriza ankafuna kuwathamangira, koma injini yomwa madzi sidikira. Anabwerera m'boti, anazunguza injini mpaka madzi onse atatuluka, anathira oyilo m'masilinda kuti dzimbiri lisayambe, n'kukhetsa oyilo woyera uja. Manja ankagwira ntchito okha, mutu uli kwina. A Fulumira ankamupatsira zitsulo mwakachetechete, zimene sanachitepo chibadwire.

"Ipulumuka?" anafunsa pomaliza.

"Ngati ndodo ya pisitoni sinapindike. Tiona ndikaitsegula."

"Ndimafunsa injini," anatero a Fulumira. "Komanso madalawo."

Kunyumba anapeza amayi ake atakhala pakhonde, mulu wa zovala zoti asite uli pambali, simbi itazizira. Chitseko cha kuchipinda chinali chotseka.

"Alowa osandiyankhula," anatero amayi. "Mwakangana?"

Chitsiriza anakhala pansi n'kufotokoza zonse: madzi, mabawuti, vayisi, dzanja lamanzere. Ankayembekezera kuti amayi ake adzidzimuka. M'malo mwake anangopinda kansalu kamene kanali m'manja mwawo, n'kukapindanso.

"Amayi, mukudziwapo kanthu?"

"Anandiletsa kunena."

"Kunena chiyani?"

"Mwezi watha, m'mawa wina, ndinawapeza atakhala m'mphepete mwa bedi, nsapato imodzi ili m'manja. Pakamwa panali patapendekeka chonchi. Ndinawafunsa kuti bwanji, akuyankha ngati munthu woledzera, chonsecho mowa anasiya iwe uli kumsana. Ndinathamanga kukatenga madzi. Pobwera ndinapeza ayamba kuyankhula bwino. Anati anagonera mkono, ndisapange phokoso."

"Ndiye munangokhala?"

"Ukuwadziwa bambo ako. Ndinati tipite kuchipatala, anati kuchipatala amapita ndi odwala. Kuyambira pamenepo kapu ya tiyi amaigwira ndi manja awiri. Ndevu amameta mochedwa, ndipo amadzicheka. Ine ndimaona, koma ndimati mwina ndi kukula."

"Amayi, chimenecho ndi sitiroko."

Amayi anagwira pakamwa. "Usatchule zimenezo pakhomo pano. Wa sitiroko amagona pamphasa, sadzuka. Bambo ako akuyenda."

"Imayamba yaing'ono. Imachenjeza kaye, kenako imabwera yaikulu. Akanapita tsiku lomwelo bwenzi atawapatsa mankhwala oteteza."

Amayi anamuyang'ana. "Ndiye kuti mwezi wonsewu ndakhala ndikuwaphikira tiyi munthu ali m'mphepete mwa dzenje?"

Chitsiriza anawagwira dzanja. Nayenso anali ndi chake chomuluma. Tsiku limene ankamanga makosi aja, anaona bambo ake akusintha kagwiridwe ka sipanala kawirikawiri, ndipo mtima unamuuza kuti adutsemo ndi chisipanala chake. Koma a Fulumira anali pomwepo, ndipo kuyeza ntchito ya a Sipanala pamaso pa kasitomala kunali ngati kuwavula malaya pamsewu.

Ali m'maganizo amenewo, china chinamubaya ngati singano. Anaimirira.

"Mwati mwezi watha?"

"Kumayambiriro."

Kumayambiriro kwa mwezi watha kunali kusanabwere boti la a Ndevu. Limenelo linali lalikulu kuposa onse padokopo, lowolotsa anthu kupita tsidya lina m'mawa ndi masana. Nalonso analisintha makosi a ekizosi. Tsiku limenelo Chitsiriza anapita kutawuni kukasaka pampu ya madzi, ndipo pobwera anapeza bambo ake atamaliza mbali zonse ziwiri okha, akumwetulira, zala zili psuu ndi silikoni wofiira. "Lero ndagwira ntchito mwamtendere," anamuuza choncho, "popanda wondiwerengera manambala."

Anayang'ana mthunzi wa nyumba. Msika unali pafupi kuweruka, ndipo msika ukaweruka boti la a Ndevu limanyamuka litadzaza.

Anapita pachitseko cha kuchipinda n'kugogoda. "Bambo."

Anagogodanso.

"Bambo, boti la a Ndevu."

Anamva bedi likulira, ndipo iye anapitiriza.

"Ndikupita kukaliimitsa. Ndikawauza kuti gasiketi zimene tinagula zinali zachinyengo, ogulitsa atiimbira foni. Palibe amene adziwe china."

Chitseko chinatseguka. A Sipanala anali atasintha malaya. Maso awo anali ofiira, ndipo ankaoneka ngati afupika.

"Ukamuuza za gasiketi, Ndevu akuyankha kuti tiona mawa. Wayenda nayo milungu ingapo osavuta, anthu akwera kale. Ndimamudziwa. Iwe akungokuseka n'kumasula chingwe."

"Ndiye nditani?"

"Tenga ndodo yakoyo. Amayi ako avale nsapato."

Anatsika msewu wa kudoko atatu. Anthu ankawapatsa moni a Sipanala mbali zonse, iwo n'kumangogwedeza mutu. Ali patali anamva injini ya a Ndevu ikuguguda kale.

Boti linali lodzaza mpaka m'mphepete. Munali amayi a mabeseni opanda kanthu obwerera kumsika, ana asukulu atakhalirana pamiyendo, njinga yamoto yomangidwa ndi zingwe, matiresi atsopano ali m'pulasitiki, ndi bambo wina atakumbatira galasi la zenera ngati khanda. A Ndevu, munthu wamkulu thupi, wa ndevu zofika pachifuwa, anali ataimirira pachiwongolero akukalipira wina kuti asunthe dengu.

"A Sipanala ndi banja lonse," anafuula akuseka. "Mukuwoloka? Mayi akhala kutsogolo, inu mukhala pa injini yanu muziimvera nyimbo."

"Zimitsa, Ndevu."

"Mwati?"

"Zimitsa injini. Anthu atsike."

A Ndevu anaseka kwambiri, akuyang'ana anthu kuti aseke nawo. "Madala, mwayamba liti nthabwala za masana? Injini ikuyenda ngati wotchi. Mwaimanga nokha, achemwaliwa kulibe. Munanena nokha kuti imeneyi ndidzasiyira adzukulu."

"Ndinanena. Tabwera kuno."

A Ndevu anatsikira padoko, akupukusa mutu. A Sipanala anatambasula dzanja lamanja ngati akupereka moni, ndipo a Ndevu analilandira. Padoko ponse ankaudziwa moni wa a Sipanala. Anyamata ankabisa manja m'matumba akawaona, chifukwa ankafinya mpaka munthu kuvina.

"Ukumva chiyani?" anafunsa a Sipanala.

"Palibe. Finyani tione."

"Ndikufinya, Ndevu. Ndi mphamvu zanga zonse."

Kuseka kunathera pakhosi. A Ndevu anayang'ana manja awiriwo, anayang'ana nkhope ya a Sipanala imene inali itakwinyika ndi khama, kenako anayang'ana amayi, amene anali atatembenukira kumadzi.

"Dzanja limeneli ndi limene linamanga mabawuti ako," anatero a Sipanala, mokweza ndithu moti a m'boti anamva. "Linali litafa kale, ine osavomera. Boti la Fulumira lamwa madzi lero m'mawa chifukwa cha dzanja lomweli. Lako ndinamanga mbali zonse ziwiri."

A Ndevu anakwera m'boti n'kupotokola kiyi. Injini itazima, padoko panamveka madzi okha akumenya matabwa.

Kenako phokoso linabuka. Mayi wina anafunsa ngati agone padoko ndi mabeseni awo. Wa galasi uja anati iye satsika, wavutika kale kukwera nalo. A Ndevu anangotukula dzanja.

"Tsikani nonse. Ndikupezerani maboti ena, muwoloka pang'onopang'ono. Amene akufuna kutsala atsale, koma boti ili silisuntha."

Anthu akutsika monyinyirika, Chitsiriza anatsegula chitseko cha injini. Fungo la labala wopserera linamuwomba kumaso mpaka anabwerera m'mbuyo. Khosi la ekizosi likamayenda bwino madzi, munthu amatha kuligwira ndi dzanja injini ikulira. Iye anangowaza timadzi pa la kumanja, ndipo tinati tswii n'kuuma pomwepo. Penti wake wakuda anali atasanduka wotuwa. Payipi yaikulu ya labala yolumikiza chigongono ndi kunja kwa boti inali itatupa matuza, ndipo ataidina ndi chogwirira cha sikuludiraiva inalowa ngati buledi.

"Fungo limeneli mwayamba kulimva liti, achimwene?"

"Masiku angapo," anayankha a Ndevu, atasuzumira. "Ndimati ndi penti wa zitsulo zatsopano."

Anadikira kuti chitsulo chizizire. Mabawuti anamasuka mosavuta, monga ankaopera. Atanyamula khosi lija mothandizana ndi a Ndevu n'kulitembenuza padzuwa, onse anaona. Silikoni anali atagwira gasiketi kuti isadonthe msanga, koma wofinyikira m'kati anali atauma n'kukhala zingwezingwe zofiira, zitatseka mabowo odutsa madzi. Bowo limodzi lokha ndi limene linatsala ndi kampata, kosakwana n'chala cha mwana. Chitsiriza anakoka chingwe chimodzi ndi pulayala, chinatuluka chachitali ngati nyongolotsi.

"Payipi ija ikanaphulika tili pakati?" anafunsa a Ndevu.

"Utsi ndi madzi zikanayamba kuthirira m'boti momwemuno," anatero Chitsiriza. "Ndipo payipi ya petulo ndi iyi, yadutsa pambali pake."

A Ndevu anayang'ana ana asukulu aja, amene tsopano anali atakhala m'mphepete mwa doko akugwedeza miyendo, akukanganirana chinangwa chowotcha cha mnzawo. Anakhala pa benchi ya boti n'kugwira ndevu zawo ndi manja awiri. Wa galasi uja, amene anali atatsalira kuti aone, anatsika yekha mwakachetechete.

A Sipanala anali ataima padoko, akuyang'ana zingwe zofiira zija.

"Madala," anatero a Ndevu. "Ine ndikanakhala inu, sindikudziwa ngati ndikanabwera."

"Ukanabwera. Uli ndi ana ako amakwera momwemu." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Pamwamba pa manifodi, pamene khosi limakhala, uyeze ndi rula usanaike gasiketi ina. Kutentha kumeneku mwina kwapinda chitsulo."

"Ndiyeza, Bambo."

"Uchotse silikoni yense, ngakhale wa m'kati. Payipi zonse ziwiri usinthe."

"Ndamva."

A Sipanala anayang'ana maboti amene anali atamangidwa m'mbali mwa doko, ngati munthu wowerenga nkhope za abale ake.

"Pali la asodzi a kumiyala, ndinalisintha mutu wa injini. Pali la adokotala a ziweto, chiwongolero. Ndi kaboti koyera kaja ka alendo. Enawo ndikumbukira m'njira, amayi ako akuimbira foni."

"Ndiyamba mawa m'mamawa. Ndiziti ndikungodutsa, ndione mmene zikuyendera."

"Ayi. Uziti ndakutuma ndine."

"Akafunsa chifukwa?"

"Uwauze zimene waona pa vayisi. Akapanda kumva zoona sakulola kutsegula injini yoti ikuyenda."

Chitsiriza anangogwedeza mutu, pulayala ili m'manja.

Amayi anayandikira n'kuwagwira pamkono amuna awo. "Abambo, basi ya kuchipatala chachikulu imadutsa pamphambano. Tikachedwa tipeza madokotala ataweruka."

Chitsiriza anadikira kuti amve yankho lakale lija, loti kuchipatala amapita ndi odwala. A Sipanala anangopisa m'thumba ndi dzanja lamanzere, anatulutsa makiyi a shedi n'kumuponyera. Anagwera m'boti, pafupi ndi phazi lake.

A Sipanala anakwera msewu wa kumphambano pang'onopang'ono, anthu a padoko akuwapatukira mwakachetechete. Amayi, amene zaka zonse ankayenda pambuyo pawo akucheza ndi odutsa, ulendo uno anali pambali, kudzanja lamanja.